Chilonda cha pa lilime chafika bwanji m'khosi?

Mayi wina wa ku Nkhotakota wandilembera pa imelo. Akuti bambo awo, omwe ndi msodzi, akhala ndi chilonda pa lilime miyezi inayi. Tsopano m'khosi mwatuluka mwanabere wouma gwa, ndipo adokotala ati ndi khansa. Funso lawo ndi lakuti: chilonda chilibe miyendo, nanga chayenda bwanji?

Pepani kwambiri, mayi. Tiyambire pa ukonde wa bambowo. Maselo a khungu la m'kamwa amagwirana ngati maso a ukonde, ndipo mfundo zake ndi puloteni yotchedwa E-cadherin. Pansi pawo pali kansalu kopyapyala kowalekanitsa ndi mnofu. Mfundo zikakhala zolimba, selo silichoka pamalo pake.

M'khansa mfundozi zimamasuka. Chomvetsa chisoni n'chakuti zozimasulazo ndi zinthu zomwe zimatipoletsa zilonda. Mukadziluma lilime potafuna chimanga chokazinga, thupi limatulutsa timapuloteni monga EGF ndi TGF-beta, touza maselo kuti aswane, atayane pang'ono, akwawe n'kukatseka bala. Bala likatsekeka, uthengawo umaleka. Maselo a khansa ya m'kamwa nthawi zambiri amakhala ndi EGFR wochuluka, yemwe ndi khutu lomvera EGF, choncho amangomva kuti “pitirizani” usana ndi usiku. E-cadherin amachepa, selo limatayana ndi anzake, limatulutsa timapuloteni totchedwa MMP tomwe timadya kansalu kaja ngati chiswe pa mphasa, kenako limadzikoka ndi tizala totchedwa integrin n'kulowa mumnofu. Lilime lili ndi timitsempha tambiri topita ku anabere a m'khosi. Selo likalowamo, ulendo wake ndi umenewo.

N'chifukwa chake madokotala akamachotsa chotupa cha pa lilime amachotsanso anabere a m'khosi nthawi zambiri. Alipo mankhwala a cetuximab otseka EGFR, koma ngodula, ndipo salowa m'malo mwa opaleshoni kapena radiotherapy (kuwotcha chotupa ndi cheza).

Za mchere ndi zitsamba zomwe mwati akhala akupaka, ndinene mosabisa: sizifika kumene maselowo afika. Fodya, wosuta ngakhale woika m'kamwa, ndiponso kachasu, asiyiretu. Kalata yowatumiza ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe ikatuluka, musadikire kuti nyengo ya usipa ithe kaye. Ndipo inu nomwe kapena wina pakhomopo akakhala ndi chilonda cha m'kamwa chopitirira milungu itatu, kaya sichikupweteka, akachionetse kuchipatala.