Mamilimita awiri anandidyera puloti ku Machinjiri

Mphwanga, wandifunsa zinthu ziwiri pakamodzi. Ukuti kaVitz kako ka 2002 kapindika marimu awiri m'maenje a mumsewu ndipo ukufuna ena okwana bwino. Ukutinso poti umandiona ndikutsitsa marimu m'basi ya ku Joni mwezi ndi mwezi, ndikuuze momwe geniyi imayendera kuti nawenso ulowemo. Ambiri ondifunsa chonchi amaona shopu yodzaza, za zipsera safunsa. Koma poti ndiwe mwana wa kwathu, ndikuyankha.

Vitz yakoyo ndi 4x100, kutanthauza mabowo anayi a manati, mamilimita 100 kuchoka pa bowo lina kufika pa loyang'anana nalo, ndipo bowo la pakati ndi mamilimita 54.1. Manambala amenewa uwasunge ngati dzina la amayi ako. Corolla zakale zija, AE100 ndi AE110, n'chimodzimodzi, Demio nayonso. Fit ndi 4x100 koma pakati ndi 56.1, ndipo marimu ake enieni ali ndi manati akeake. Za Tiida usayerekeze n'komwe, zina mwa izo ndi 4x114.3. Ine lero ndimaona rimu ili pamulu, ili chafufumimba, n'kudziwa kwawo ndisanaigwire. Anyamata a ku Ndirande akakayika amabwera kwa ine. Koma nzeru zimenezi sindinabadwe nazo, ndinachita kuzilipirira.

Munali mu 2012, chaka chija kwacha inagwa mu May, dola n'kuchoka pa K168 kufika pa K250 tsiku limodzi. Ndinali nditatenga katapila kuti ndiwonjezere mpamba. Nditapita kukasintha, marandi amene ndinapeza anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi omwe ndinawerengera. Ndinafika ku Johannesburg mtima uli m'mwamba, ndikusaka zotchipa basi. Dobadoba wina ananditengera ku sikilapu ina kunja kwa tawuni. Kumeneko ndinapeza mamagi, marimu a aluminiyamu aja, 48, maseti 12, a mainchesi 14, opentedwa kumene siliva, akuwala ngati a m'sitolo. Timakapu ta pakati anali atachotsa tonse. Mwini malo anati onse ndi 4x100, ndikatenga mulu wonse andichepetsera mtengo. Ndinatulutsa tepi yanga, n'kuyeza awiri apamwamba, bowo ili ndi la moyang'anana nalo. Ndinaona 100. Ndinalipira, manja akunjenjemera ndi chimwemwe.

Njira ukuidziwa: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kukwera mpaka Mwanza. Pa chipata chimodzi mwa zimenezi, sinditchula chiti, ndinakumana ndi bwana wina amene nkhope yake sindidzaiwala mpaka manda. Anatenga risiti yanga ndi zala ziwiri ngati yagwera m'matope. Akuti marimuwa ndi atsopano chifukwa akuwala. Ndinamutembenuzira imodzi kuti aone kuseri, fumbi la mabuleki lili mbuu, lomatirira la zaka. Sanaweramenso n'komwe. Analemba mtengo wa m'mutu mwake, msonkho n'kukwera kuposa ndalama zomwe ndinagulira katundu. Kenako mnyamata wake ananditsata kuseri kwa thiraki n'kunong'ona kuti bwana sanamwe madzi kuyambira m'mawa. Ndinakana. Basi inandisiya. Ndinagona masiku asanu ndi anayi pakhonde la golosale, ndikudya mandasi ndi madzi, uku katapila akubereka ku Blantyre. Tsiku lililonse bwana uja ankandidutsa ndi kapu ya tiyi, osandiyang'ana. Anthu amenewa amalandira malipiro kuchokera m'misonkho yathu, koma wamalonda wamng'ono amamuona ngati mbava yomwe sinagwidwe. Masiku onsewo, palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa ngati marimuwo ndi oti angaike moyo wa munthu pachiswe. Chimene ankawerenga ndi thumba langa.

Mkazi wanga anagulitsa firiji n'kunditumizira ndalama, katundu n'kutuluka. Nditafika ku Limbe ndinagulitsa maseti atatu sabata yoyamba. Imodzi inapita kwa bambo wina wa takisi, wa Corolla AE110, woyenda Limbe–Thyolo. Tinamanga limodzi. Rimu inalowa pa habu, chitsulo chomangirapo tayala chija, mosavuta. Pomanga manati ndinamva kuti awiri akulimba msanga asanafike, koma ndinati ndi penti yatsopanoyo, n'kuponda sipanala ndi phazi.

Patatha masabata atatu foni inalira usiku. Tayala lakutsogolo linali litachoka pa mtsetse, m'minda ya tiyi muja, galimoto itanyamula anthu asanu. Mulungu ndi wamkulu, palibe anamwalira. Mayi wina anathyoka mkono, mwana wake anasokedwa pachipumi. M'mawa mwake ndinapita pamalopo. Masitadi onse anayi, mabauti omangapo manati aja, anali ataduka, atatsala timitu m'habu ngati mano ophuka. Ndinatola rimu ija m'udzu, n'kupala penti kuseri ndi mpeni. Panatuluka chizindikiro cha Fiat. Inali 4x98.

Ku South Africa kunali Uno ndi Palio zambirimbiri, ndipo marimu awo adzaza m'masikilapu mpaka lero. Kusiyana kwa 98 ndi 100 ndi mamilimita awiri okha, milimita imodzi pa sitadi iliyonse, ndipo ndi tepi ya atelala sungaione. Bowo lawo la pakati ndi 58.1, lalikulu kuposa habu ya Toyota, choncho rimu imangolowa osakuchenjeza, ndiponso palibe choikhazika pakati. Nati iliyonse imakhala chopendekeka n'kumakoka sitadi chammbali. Galimoto ikamayenda chitsulo chija chimapindikapindika mpaka chimatopa. Nditapala onse otsala, maseti asanu ndi awiri mwa 12 aja anali a Fiat. Awiri amene ndinayeza pamwamba pa mulu anachita kundiikira dala.

Ndinayenda khomo ndi khomo kukamasula maseti ena awiri aja, ndikubweza ndalama. Ndinalipira chipatala, ndinakonzetsa Corolla, ndinalipira masiku omwe bambo aja sanagwire ntchito. Wa katapila anabwera ndi anyamata ake awiri mpaka pakhomo. Puloti yanga ya ku Machinjiri, yomwe ndinali nditaunjikapo kale njerwa, inapita pamtengo wamanyazi. Marimu 28 aja ndinawaphwanya ndi hamala ndekha kuti wina asadzawamangenso, n'kugulitsa pa kilo kwa osungunula mapoto. Mayi uja ndimakumana naye mu msika wa Limbe. Timapatsana moni, koma mkono wake suwongoka bwinobwino, ndipo ndikamuona tsiku limenelo nsima siilowa.

Kuyambira pamenepo m'chikwama changa simuchoka kalipa, choyezera mamilimita mwandendende, ndi habu yakale ya Corolla, ngakhale imalemera. Rimu iliyonse ndimaitembenuza, ndimaiyeza, ndimaiveka pa habuyo n'kumanga manati ndi zala. Akapanda kukhala onse anayi mofanana, ndimaisiya, kaya ikhale yokongola bwanji. Ogulitsa ku Joni amanyansidwa nane chifukwa ndimatha tsiku lonse pa mulu umodzi. Anyansidwe. Chiyambire nthawi imeneyo palibe rimu yanga yomwe inabwezedwapo.

Za Vitz yakoyo, khala pa 14 ndi matayala a 175/65. Ngati inabwera ndi 13, a 155/80, msinkhu wake ndi pafupifupi womwewo, sipidomita siikunamiza. Ndikudziwa anzako akukunyengerera za 16 ndi 17 za timatayala topyapyala. M'misewu yathuyi zimenezo zimang'aluka mvula yoyamba, ndipo ukabwera nazo zowotcherera usadzandiuze kuti ndikugule. Kuseri kwa rimu yang'ana ET, nambala yosonyeza momwe rimu imalowera mkati kapena kutulukira kunja, ikhale cha m'ma 40 mpaka 45. Ya ET 20 imatuluka kunja, imakhula bodi ukanyamula matumba awiri a chimanga, ndipo mabering'i amatha msanga. Magi ya ku Japan yeniyeni imakhala ndi chidindo cha JWL. Bowo la pakati likakula, mwina 73.1 ngati mamagi ambiri ogula padera, gula timaring'i totsitsa kufika pa 54.1. Likachepa, isiye, usalole munthu aikule ndi fayilo. Manati usabwereke a Nissan, mazinga ake ndi 1.25 pamene a Toyota ndi 1.5, ndipo mamagi enieni a Toyota amafuna manati a washa, osati osongoka aja a marimu achitsulo. Pomanga ndi 103 Nm pa sipanala yoyeza mphamvu, osati phazi. Ukayenda makilomita 50 kapena 100 bwereza kumanga.

Ukapezanso marimu ali ndi matayala ofewa a mizere yambirimbiri olembedwa studless, dziwa kuti ndi a m'chipale cha ku Japan. Pa phula la ku Chikwawa mu October amatha ngati sopo. Usalipire kanthu pa amenewo.

Za kulowa geniyi, sindikuletsa, koma ndi ndalama ya katapila ayi, ndipo ndalama ya msonkho uzinyamula kawiri, chifukwa sudziwa amene ukamupeze pawindo. Bwera Loweruka m'mawa ndi galimotoyo, ubwerenso ndi manati ako onse 16. Ndili ndi seti ya Corolla ya 14 yomwe ndinayeza ndekha. Tikamanga ukhale kaye pa shopu, ndikupatse kalipa ndi mulu wa marimu khumi, ndione ngati uipeze ya Fiat yomwe ndinasunga imodzi.