Mafunso a Owerenga: Kodi maola a PIC (wolamulira ndege) ndingalembe mphunzitsi ali pambali panga?

FUNSO: Akonzi, ndine mnyamata wochokera ku Ntcheu ndipo ndikuphunzira kuyendetsa ndege pa sukulu ina ya pabwalo la Rand ku Germiston, ku South Africa. Laisensi ya PPL, yoyendetsera ndege mosalipidwa, ndinapeza kale, pano ndikusonkhanitsa maola a CPL, laisensi yoyendetsera ndege ngati ntchito yolipidwa. Mnzanga amene anaphunzira ku America akuti ndikutaya maola pachabe, chifukwa iye ankalemba PIC ngakhale mphunzitsi ali naye m'ndege, bola zowongolera zili m'manja mwake. Akutinso tikabwereka ndege limodzi n'kugawana mtengo, tonse awiri tikhoza kulemba PIC. Ndalama zimene makolo amatumiza n'zapang'ono, choncho ola lililonse limandiwawa. Kodi zimene akunenazo n'zoona? Wowerenga wa ku Germiston.

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo sakunama ayi, koma lamulo limene akulitchulalo ndi la ku America ndipo silifika pabwalo la Rand. Malamulo a bungwe la FAA, loyang'anira za ndege ku America, pa ndime 61.51, amasiyanitsa zinthu ziwiri, kukhala wolamulira ndege ndi kulemba maola a wolamulira. Kumeneko munthu amene ali ndi laisensi yomuyenereza mtundu wa ndege imene wakwerayo amaloledwa kulemba PIC pa nthawi yonse imene iye yekha akugwira zowongolera, kotero kuti ola limodzi la mu Cessna 172 limatha kulowa m'magawo awiri a logbook, buku lolembamo maola ouluka, nthawi imodzi, gawo la dual (maola ouluka ndi mphunzitsi) ndi gawo la PIC. Nkhani ya anthu awiri kulemba ola lomwelo imachokeranso komweko. Mmodzi amavala chotchinga maso kuti aziyendetsa poyang'ana zipangizo zokha, winayo amayang'ana kunja ndipo amakhala atavomera kukhala wolamulira, ndiye lamulo lawo limalola onse kulemba.

Inu laisensi yanu ya CPL idzachokera ku bungwe la SACAA, loyang'anira za ndege kuno ku South Africa, ndipo maola anu adzawerengedwa potsata Part 61 ya Civil Aviation Regulations ya 2011. Kuno funso silakuti manja a ndani ali pa zowongolera, koma lakuti udindo wa ulendowo uli pamutu pa ndani. Njira yosavuta yodziwira ndi kudzifunsa kuti, mafuta atati athe muli mumlengalenga, kapena ndege italowa popanda chilolezo m'dera loyang'aniridwa ndi bwalo la ndege la OR Tambo, lomwe lili pafupi kwambiri ndi Rand, amene angaitanidwe kukafotokoza ndani. Pa ulendo wophunzitsa woitanidwayo ndi mphunzitsi, ngakhale atakhala atapinda manja kuyambira ponyamuka mpaka potera, choncho iye ndiye amalemba PIC ndipo inu mumalemba dual. Laisensi ya PPL ili m'thumba mwanu sisintha zimenezi pamene mukuphunzira kuuluka usiku kapena kuuluka ndi zipangizo zokha. Ineyo ndimaona kuti dongosolo la kunoli ndi lolunjika, chifukwa wowerenga logbook yanu akaona maola 100 a PIC amadziwa kuti pa maola onsewo panalibe munthu wina woti akupulumutseni.

Maola a PIC munayamba kale kuwapeza musanalandire n'komwe laisensi. Pa maola 45 amene amafunika pa PPL, osachepera 25 ndi a dual ndipo osachepera 15 ndi a solo, ouluka muli nokha, kuphatikizapo maola 5 a maulendo aatali, umodzi mwa iwo wosachepera ma nautical mile 150, omwe ndi makilomita pafupifupi 280, wotera pamabwalo awiri ena. Pa maulendo a solo munalibe munthu wina m'ndegemo, ndipo n'chifukwa chake maolawo amalowa m'gawo la PIC. Pa CPL mudzafunika maola 200 onse pamodzi, ndipo 100 mwa iwo akhale a PIC.

Za kugawana mtengo, musasiye, chifukwa ndi nzeru yabwino, koma gawanani maulendo osati maola. Mwachitsanzo, ngati mukupita ku Potchefstroom, inu lamulirani popita, mukatera musinthane mipando, mnzanuyo alamulire pobwerera. Mugwirizane zimenezi injini isanalizidwe, ndipo dzina la wolamulira wa chigawo chilichonse lilembedwe papepala lololeza ulendo limene mumasaina ku ofesi ya sukulu. Amene wakhala pampando wa kumanja pa chigawocho salemba kalikonse, ngakhale atagwira mapu ndi kulankhula pa wailesi ulendo wonse, ndipo asayese kudzilemba ngati wothandizira, popeza Cessna 172 kapena Piper Cherokee ndi ndege zovomerezeka kuyendetsedwa ndi munthu mmodzi. Phindu lake ndi lakuti amaphunzira njira ndi mabwalo achilendo mosalipira ola lonse, ngakhale kuti phindu limeneli silioneka papepala.

Popeza mwati ola lililonse limakuwawani, samalani ndi mmene mumawerengera nthawi. Tanthauzo la bungwe la ICAO, loona za ndege padziko lonse, limene mayiko ambiri amatsata, likuti nthawi ya ulendo imayamba pamene ndege yasuntha ndi cholinga chokanyamuka ndipo imatha pamene yaima komaliza ulendo utatha. Mphindi zimene mwakhala mukudikira chilolezo kumapeto kwa msewu wa ndege zimawerengedwa. Kawotchi ka Hobbs, kamene sukulu zambiri zimagwiritsa ntchito polipiritsa, kamawerenga m'magawo khumi a ola, ndiye 0.1 ndi mphindi 6 ndipo 1.3 ndi ola limodzi ndi mphindi 18, osati mphindi 30. Ophunzira ambiri amalakwitsa pomwepa powonkhetsa kumapeto kwa tsamba. Funsani mkulu wa aphunzitsi pa sukulu yanu njira imene amatsata, ndipo musaisinthe pakati pa logbook.

Mudzamvanso za PICUS, pamene wothandizira amagwira ntchito za wolamulira moyang'aniridwa ndi kaputeni amene amasainira maolawo. Zimenezo zidzakukhudzani kwambiri mukadzayamba kufunafuna maola 1,500 a laisensi ya ATPL, yofunika kwa makaputeni a ndege zikuluzikulu za makampani.

Chimene sindingakulangizeni ngakhale pang'ono ndi kusamutsa maola a dual kuti akhale a PIC poganiza kuti palibe angazindikire. Ulendo uliwonse uli ndi mboni zingapo, monga pepala lololeza ulendo, buku la ndegeyo, faelo ya maphunziro anu ndiponso logbook ya mphunzitsi, imene idzaonetsa kuti tsiku lomwelo, m'ndege yomweyo, iyenso analemba PIC. Kulemba zabodza mu logbook ndi mlandu umene ungachititse kuti laisensi iimitsidwe kapena ilandidwe, ndipo kampani iliyonse imene mudzakafunsireko ntchito, kuno kapena ku Lilongwe, idzaona masamba omwewo. Ngati pali mzere umene unalembedwa molakwika, udulidwe ndi kamzere kamodzi kuti zakalezo zizionekabe, zolondola zilembedwe pambali ndipo mphunzitsi asainire, osafufuta ndi Tipp-Ex.

Mnzanuyo mumuuze kuti ngati akufuna kusintha laisensi yake kuti ikhale ya kuno, ayambiretu kupatula maola amene analidi wolamulira ndi amene analemba PIC mphunzitsi ali pambali, kuti akadzafunsidwa adzakhale ndi ziwerengero zonse ziwiri m'manja.