Paini wanga wada ngati wapakidwa mwaye

FUNSO: Ndili ndi munda wa paini wa zaka 6. Mitengo ya m'mphepete yada bii, masamba akumata ndikawagwira, ndipo nyerere zikungokwera ndi kutsika tsiku lonse. Mnzanga akuti ndi tizilombo tochokera kunja tomwe tinapulula paini m'mayiko ena. Ndigwetse yonse isanaume? Ndine Wodandaula.

YANKHO: Bambo, nkhwangwayo iyambe yakhala pansi.

Zimene mwaonazo ndi ntchito ya tizilombo toyamwa madzi a mtengo, koma tilipo tamitundu yambiri. Zitha kukhala nsabwe za m'mitengo, kapena tija akatswiri amati scale insects. Thyolani kansonga ka nthambi mukakaonere padzuwa. Mukapeza timatuza tofiirira tokakamira pakhungwa, tosasuntha, tonga kachigoba ka kamba, dinani kamodzi ndi chikhadabo. Kakaphulika n'kutuluka madzi, dziwani kuti n'kamoyo. Ine tsiku loyamba kutiona ndinkayesa utomoni wouma, mpaka chala chinanyowa.

Kudako si matenda ena apadera. Kachilomboka kamayamwa kwambiri, ndiye kamataya timadzi totsekemera tomwe timagwera pamasamba. Pa timadzipo pamamera nkhungu yakuda yotchinga dzuwa, mtengo n'kumalephera kupanga chakudya chake. Nyererezo zabwerera timadzi tomweto, ndipo zimapirikitsa adani a kachilomboka ngati abusa oteteza ziweto.

Mnzanuyo sakunama. Pali kena kotchedwa Toumeyella parvicornis, kwawo ku North America. Kumadera ozizira a kumeneko kamaswana kamodzi pachaka, adani akenso ngambiri. Mu 2005 kanapezeka pa zilumba za Turks and Caicos m'chigawo cha Caribbean, kotentha chaka chonse. Kumeneko kanaswana osapumira, ndipo mitengo yoposa 90 pa 100 iliyonse ya paini wachilengedwe wa pazilumbazo inafa. Mu 2014 kanaoneka ku Italy cha ku Naples, pofika 2018 kanali kali mu Rome. Kena ndi Marchalina hellenica: ku Greece ndi Turkey alimi a njuchi amakakonda chifukwa timadzi take ndi tomwe njuchi zimapangira uchi wa paini, koma katapezeka ku Melbourne ndi Adelaide mu 2014, a ku Australia anakatenga ngati mdani wa minda yawo.

N'chifukwa chake ine sindikhulupirira munthu wondiuza kuti “kameneka kwawo n'kofatsa.” Poyeza chiopsezo ndimayang'ana kumene kafikako. Kodi kumazizira mokwanira kuti kaleke kuswana? Kodi alipo okadya? Nanga mitengoyo ili bwanji? Munda wa paini wa mtundu umodzi, msinkhu umodzi, wothithikana chifukwa sunapatuliridwe, ukakumananso ndi chilala, umagonja msanga.

Funso lomwe ndikanakufunsani tikanakhala maso ndi maso ndi ili: mwabweretsako mbande zatsopano posachedwa, ndipo zinachokera kuti? Tatikazi ta mitundu yambiri ya scale insects tikakakamira pakhungwa sitisunthanso. Toyenda ndi tiana tongobadwa kumene, tating'ono ngati fumbi, tomwe mphepo imatiulutsa kuchoka pamtengo wina kupita pa wina. Koma mtunda wautali, ngakhale kuwoloka nyanja, timanyamulidwa ndi anthu, pa mbande ndi pa nthambi zaziwisi. Apa ndi pomwe mtima wanga umawawa, chifukwa kuyang'anitsitsa mbande musanagule sikutenga nthawi.

Musathamangire kupopera. Chigobacho chimateteza tatikulu ku mankhwala ambiri, ndipo oyamba kufa amakhala tizikumbu tija tofiira ta madontho akuda, tomwe timakuthandizani kudya tizilomboti. Ikani tinsonga titatu m'botolo lotseka bwino, mupite nalo kwa alangizi a zankhalango kuti adziwe mtundu wake. Nthambi zodzaza kwambiri dulani ndi kutenthera pomwepo, mosamala ndi moto. Musazitulutse m'munda, ngakhale ngati nkhuni.

Kenako sankhani mitengo 10, ina ya m'mphepete ina ya pakati, muimange tinsanza. Pamasabata awiri aliwonse gwedezani nthambi zake pamwamba pa pepala loyera. Mukaona timadontho tikuyenda papepalapo, tiana tatuluka, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yomwe mankhwala amagwira, alangizi akavomereza. Mundilemberenso mundiuze ngati kudako kwafika pamitengo ya pakati.