Mwana atenge chiyankhulo chimodzi, koma achidziwe mpaka kutha kukangana nacho mtengo

Achemwali, uthenga wanu uja ndauwerenga usiku. Mwati mwana wanu wamkazi wakhoza bwino A Level, akufuna kukachita maphunziro a malonda a pakati pa mayiko ku yunivesite, ndipo mtima wake uli pa Chifalansa ndi Chitchaina zonse pamodzi, pomwe bambo ake akuti ziyankhulo n'kutaya fizi, angochita za akaunti basi. Ine ndakalambira pa ntchito yoombola katundu m'zipata muno mu Harare, ndiye ndiloleni ndiikepo mlomo.

Chiyankhulo achite, pamenepo musamubweze. Koma chikhale chimodzi. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndaona ana ambiri akubwera kudzafuna ntchito atalemba pa CV ziyankhulo zitatu, koma ukawapatsa foni kuti ayankhule ndi munthu wa ku doko amathera pa moni. Bwana salipira moni. Amalipira munthu amene angawerenge invoice, kulemba kalata yodandaula kuti kontena yachedwa, ndi kukangana mtengo popanda womasulira. Kufika pamenepo m'chiyankhulo chimodzi kumadya zaka zonse za digiri.

Posankha asayang'ane chiyankhulo chomveka bwino m'khutu, ayang'ane msewu umene katundu wa dziko lino amadutsa. Dziko lino lilibe nyanja. Doko lapafupi ndi Beira ku Mozambique, ulendo wosakwana makilomita 600 kudzera ku Mutare ndi chipata cha Forbes, pomwe Durban ili pa mtunda woposa makilomita 1,600. Mafuta amene timathira m'makombi amabwera m'paipi yochokera ku Beira kufika ku Feruka, n'kudzathera ku Msasa. Ifeyo tikamapita kumudzi timatulukira pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kukalowa ku Mwanza kudzera pa Zobue. Njira yonseyi mapepala a boma ndi a Chipwitikizi. Ndiye akanakhala mwana wanga ndikanamuuza kuti atenge Chipwitikizi, ngakhale kuti sanachitchule n'komwe.

Chifukwa chinanso n'chathu chomwe. Mwanayo ngati amamva Chichewa cha m'nyumba mwanu, ali kale ndi phazi limodzi ku Mozambique. Ku Angónia ndi madera ena a Tete amayankhula Chinyanja, ndipo Chinyungwe cha mumzinda wa Tete ndi Chisena cha ku Beira sizitalikirana kwenikweni ndi chathu. Mu ofesi agwiritsa ntchito Chipwitikizi, panja ndi madalaivala ndi onyamula katundu agwiritsa ntchito cha makolo. Zimandiwawa ndikaona ana athu a ku Mufakose, Mabvuku ndi Epworth akubisa Chichewa poopa kunenedwa kuti mabhurandaya, dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi, chonsecho malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anachiika m'gulu la ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo ku Lusaka, komwe kuli likulu la COMESA, bungwe la malonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, ndicho chimamveka pamsika. Achilembe pa CV mopanda manyazi.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira nditangoyamba ntchito. Kunabwera pepala la kulemera kwa katundu kuchokera ku Beira, palembedwa 12.500. Ine ndinawerenga ngati khumi ndi ziwiri ndi theka, osadziwa kuti Apwitikizi amaika kadontho pamene ife timaika chizindikiro cha koma (,), ndiye tanthauzo lake linali makilogalamu 12,500. Mapepala anasemphana, thiraki inagona pachipata masiku atatu, mwini katundu analipira ndalama za kuchedwa, ndipo dalaivala, bambo wachikulire, anagona m'galimoto masiku onsewo chifukwa cha ine. Mpaka lero ndikakumbukira ndimamva chisoni. Zinthu ngati zimenezi saphunzitsa m'kalasi la akaunti, ndipo m'kalasi la chiyankhulo chokha sungaone kuopsa kwake. Zimaoneka ziwirizi zikakumana mwa munthu mmodzi, n'chifukwa chake maganizo a mwanayo ndi abwino.

Sindikunyoza Chitchaina. Ndalama zilipo kumeneko: fodya wathu wambiri amagulidwa ndi China, mgodi wa lithium wa Arcadia ku Goromonzi ndi wa Bikita ili m'manja mwa makampani a ku China, chimodzimodzinso fakitale ya zitsulo ya ku Manhize. Ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant kuli Confucius Institute yophunzitsa Chitchaina kuyambira 2007, ndipo mayeso a Chitchaina otchedwa HSK, omwe amakwera gawo ndi gawo, amalembedwa komweko. Koma adziwiretu kuti n'chiyankhulo chofuna tsiku ndi tsiku. Zilembo zake uyenera kuziloweza chimodzichimodzi, ngakhale kawerengedwe ka ndalama n'kosiyana, poti iwo amawerenga m'magulu a 10,000. Amene waima pa HSK 2 sangamasulire mgwirizano wa malonda. Akachisankha alimbe mtima kufika pa 4 kapena 5, ndipo ngati mwayi wokakhala ku China chaka chimodzi utapezeka, asauphonye. Akachichita mwa theka adzangokhala womasulira wa pamgodi, wotumidwa uku ndi uku, digiri ili m'sutikesi.

Chifalansa chili ndi khomo lake ku DRC, kumene mathiraki a kopa amachokera kudutsa pa Kasumbalesa ndi Chirundu, komanso m'mabungwe ngati SADC, COMESA ndi African Union. Ubwino wake n'ngwakuti sichifuna kudikira yunivesite. Alliance Française yophunzitsa Chifalansa ili pa msewu wa Herbert Chitepo pomwepa, ndipo satifiketi ya Chifalansa ya DELF imadziwika kulikonse. Angathe kudzachiwonjezera akayamba kulandira malipiro ake.

Tsono kwa alamu anga, bambo a mwanayo, nkhawa yawo ndikuimvetsa ndipo mbali ina akunena zoona. Digiri ya ziyankhulo zokha imavuta kupezera ntchito kuno. Msana wa maphunzirowo ukhale malonda. Musanalipire fizi, tengani ndandanda wa maphunziro a chaka chilichonse muone ngati muli akaunti, masamu a zachuma, malamulo a malonda ndi za kasitomu. Mwana wotuluka m'menemo azidziwa kusiyana kwa FOB ndi CIF (mapangano onena amene alipire zoyendetsera katundu pakati pa wogula ndi wogulitsa), azitha kupeza HS code ya katundu (nambala imene a kasitomu amadziwira mtundu wake), azimvetsa letter of credit (kalata ya banki yolonjeza kulipira wogulitsa), komanso chifukwa chake satifiketi yosonyeza kumene katundu wapangidwa imatsitsa msonkho pakati pa mayiko a SADC kapena COMESA. Funsaninso kuti chiyankhulocho amachiphunzira maola angati pa sabata ndipo mpaka chaka chiti. Ngati n'cha semesita imodzi yokha, chimenecho n'chokongoletsera pepala, ndi bwino kuchita digiri ya malonda n'kumaphunzira chiyankhulo madzulo kwina.

Chaka cha attachment, chokaphunzira ntchito ku kampani, ndicho chimaweruza zonse. Asakachithere mu ofesi ya m'tauni akufotokopa mapepala chifukwa choti ndi pafupi ndi kunyumba. Afunefune malo ku kampani yoombola katundu kapena ya mathiraki ku Mutare kapena ku Nyamapanda, kumene ASYCUDA, pulogalamu ya pa kompyuta ya za kasitomu imene bungwe la misonkho la ZIMRA limagwiritsa ntchito, aziigwira ndi manja ake, Chipwitikizi n'kumachimva m'mawa uliwonse. Ndikudziwa kuti kutumiza mwana wamkazi kuchipata mtima sukhala m'malo, achemwali, koma pakati pathu pali anthu a mpingo amene ali ndi abale ku Sakubva ndi ku Dangamvura ku Mutare oti angamusunge.

Pakali pano, poti akudikira kuyamba sukulu, ayambe kumvera nkhani za pa Rádio Moçambique pa foni ngakhale asakumva kanthu, khutu lizolowere. Ndipo Loweruka likubwerali mukatuluka ku Mbare mubwere naye kwathu, ndili ndi mapepala akale a ku Beira amene ndafufuta maina a eni ake. Tikhale pansi awerenge yekha, aone ngati ntchito imeneyi ikumukoka mtima.