Kodi fisetin angathandize mwana wodwala Duchenne?

Mayi wina wandilembera kuti mwana wake wa zaka 7 anamupeza ndi Duchenne muscular dystrophy, matenda obadwa nawo ofooketsa minofu pang'onopang'ono. Wamva kuti kuchotsa maselo okalamba a chitetezo cha m'thupi kumabwezeretsa mphamvu m'minofu, ndiye akufunsa ngati agule pa intaneti fisetin, mankhwala amene amati amachotsa maselo amenewa.

Mayi, kalata yanu yandikhudza kwambiri, chifukwa matendawa analowa m'banja mwathu. Mwana wa mchemwali wanga akafuna kudzuka pansi ankayamba wagwada, n'kugwira mawondo, n'kumakankha ntchafu ndi manja mpaka ataimirira. Akatumba ake anali onenepa moti anthu ankati adzamenya mpira ameneyu. Asanathe pulayimale anali atasiya kuyenda. Akuchimuna analoza chala mayi ake, ena mpaka kutchula ufiti, ndipo zimandipwetekabe. Inde, jini ya matendawa (kalangizo ka chibadwa m'maselo) ili pa X chromosome, imene mnyamata amatenga kwa mayi ake, ndipo kawirikawiri imadzera kwa mayi, koma pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu odwala matendawa vutoli limayambira pa iye yekha. Palibe wolakwa. Thupi limangolephera kupanga dystrophin, puloteni yoteteza minofu kuti isamang'ambike ikamagwira ntchito.

Zimene mwamvazo si bodza. Minofu ikang'ambika, maselo a chitetezo otchedwa macrophage amathamangirako kukachotsa zowonongeka. Ena mwa iwo amakalamba koma osafa, n'kumatulutsa zinthu zotupitsa zimene zimafooketsa maselo okonza minofu. Mu 2022 ofufuza anafalitsa zotsatira za fisetin, yemwe amapezeka m'mastroberi, atam'patsa mbewa zodwala kwambiri matenda a minofu ofanana ndi amenewa: maselo okalambawo anachepa, okonza minofu aja n'kuyambanso kugwira bwino ntchito. Ndimafunitsitsa kuti njira imeneyi idzatheke. Koma zinali mbewa, ndipo dystrophin sanabwerere. Aliyense wogulitsa botolo n'kumanena kuti lichiza Duchenne akudyera misozi ya makolo. Mankhwala ena ochotsa maselo okalamba si ocheza: dasatinib ndi wa khansa ya m'magazi, navitoclax amachepetsa ma platelet, tinthu toundanitsa magazi munthu akavulala.

Ndiye mutani?

Musagule. Ndalamayo ithandize pa ulendo wa kuchipatala. Ngati mwana ali pa prednisone kapena deflazacort, mankhwala ochedwetsa kufooka kwa minofu, musamusiyitse mwadzidzidzi. Mafizo asadukize, mtima ndi kapumidwe aziyezedwa chaka ndi chaka, ndipo inunso mukayezetse magazi ndi mtima, chifukwa jiniyi imathanso kufooketsa mtima wa mayi amene ali nayo.