Funsani Ankolo: Kodi atomu yeniyeni ndi iti?

Ankolo, ine ndili Fomu 3 ndipo kemisitiri ikundizunguza mutu. Aphunzitsi anatiuza kuti atomu ndi kampira kolimba monga ananenera Dalton, sabata inayo akuti ayi Dalton analakwitsa wokhoza ndi Thomson, kenako Thomson nayenso wagwa kwabwera Rutherford, kenako Bohr. Nde tikulowezeranji mabodza a anthu oti anafa kalekale? Komanso atomuyo alipo anaiona ndi maso?
Mtsikana wotopa, Dedza

Mwana wanga, kalata yako yandiseketsa chifukwa funso lomweli linandivutapo inenso, kungoti nthawi yathu mphunzitsi sumamufunsa choncho, umangolemba notsi basi. Koma mabodza ayi. Azibambo amenewa aliyense anagwetsedwa ndi chinthu chimene wina anachiona mu labu, osati ndi pakamwa, ndipo wogwayo sankapita ndi katundu wake yense, wina ankatsala ndipo ndi amene ukulemba lero.

Nkhaniyi inayamba ndi Mgiriki Democritus cha m'ma 400 BC. Iye anati ukamadula mwala pakati, nkudulanso, nkudulanso, udzafika pa kachidutswa koti sikangadulikenso, nde anakatcha atomos, kutanthauza chosadulika. Analibe chida chilichonse, unali mutu wokha. Aristotle anakana, anati zonse ndi dothi, madzi, mpweya ndi moto, ndipo poti anali ndi dzina anthu anamutsatira zaka pafupifupi 2,000.

John Dalton, mphunzitsi wa ku Manchester, ndi amene anabweretsa sikelo pa nkhaniyi kuyambira 1803. Anaona kuti kaboni ikaphatikana ndi okosijeni imapanga mipweya iwiri, ndipo pa kaboni wolemera chimodzimodzi, mpweya wachiwiriwo umatenga okosijeni wowirikiza kawiri ndendende, osati kamodzi ndi theka. Zimenezi zingatheke bwanji ngati zinthu sizibwera m'timibulu towerengeka? Ukamabalansa ma equation mkalasi muja ukugwira ntchito ya Dalton. Analakwitsa poti atomu siduka, komanso ankayesa kuti madzi ndi HO, osati H2O.

Mu 1897 ku Cambridge, J.J. Thomson anadutsitsa magetsi mu chubu chagalasi chopopedwa mpweya, nkuona kuti cheza chotulukamo chikupindika ndi maginito. Chezacho chinali tinthu tochokera mkati mwa atomu, ma elekitironi, ndipo lero tikudziwa kuti kamodzi nkopepuka ka 1,836 kuyerekeza ndi pulotoni, kanthu ka chaji ya pozitivi ka mkati mwa atomu. Chosadulika chija chaduka. Thomson anaganiza kuti atomu ili ngati chivwende, mnofu wonse ndi chaji ya pozitivi ndipo ma elekitironi angomwazikamo ngati njere.

Apa nde pamene ndimapakonda. Ernest Rutherford, mnyamata wa ku New Zealand yemwe anaphunzira pansi pa Thomson yemweyo, anali ndi labu yake ku Manchester. Mu 1909 anauza Hans Geiger ndi Ernest Marsden, Marsden ali kamnyamata ka zaka 20 kosamaliza ndi digiri yomwe, kuti aziwombera tizipolopolo ta alpha, tinthu ting'onoting'ono ta chaji ya pozitivi, pa golide wosulidwa mpaka kupyapyala kuposa pepala. Ntchito yake inali yotopetsa zedi. Ankakhala mchipinda cha mdima kudikira kaye kuti maso azolowere, kenako nkuika diso pa maikulosikopu kumawerenga timoto tating'ono tothwanima pa kagalasi kopakidwa mankhwala otchedwa zinc sulfide, kamodzi kamodzi, mpaka maso kuwawa nkusinthana. Chivwende chija chikanakhala choona, tizipolopolo tonse tikanangoboola nkudutsa. Tambiri tinadutsadi, koma kamodzi pa masauzande angapo kankanjanja nkubwerera kumene kachokera. Rutherford ananena pambuyo pake kuti zinali ngati waombera mzinga pa kapepala kopyapyala, chipolopolo nkubwerera kudzakumenya iwe mwini. Anatha pafupifupi zaka ziwiri akuganiza, ndipo mu 1911 anati pafupifupi kulemera konse kwa atomu kwaunjikana pa kanthu kakang'ono pakati, nyukiliyasi, kwinako ndi malo opanda kanthu. Atomu itakula ngati bwalo la mpira ndi mipando yake yomwe, nyukiliyasi ingakhale ngati njere ya mapira pamene amayambira mpira paja. Wophunzira anagwetsa mphunzitsi wake, eti, koma elekitironi ya Thomson inatsala.

Vuto linali loti malinga ndi fizikisi ya nthawiyo, elekitironi yozungulira nyukiliyasi imayenera kutaya mphamvu nkugweramo usanaphethire nkomwe, kutanthauza kuti iwe ndi ine sitikanakhalapo. Niels Bohr wa ku Denmark mu 1913 anati elekitironi imaloledwa kukhala pa masitepe ena okha, pakati pa masitepe ayi, ndipo ikadumpha kutsika imatulutsa kuwala kwa mtundu umodzi. Masamu ake anagwirizana bwino kwambiri ndi mizere ya kuwala kwa haidrojeni, koma pa heliyamu, yomwe ili ndi ma elekitironi awiri okha, anayamba kutsimphina. Nde kunabwera Erwin Schrödinger mu 1926 ndi Werner Heisenberg mu 1927, ndipo kuyambira pamenepo sitinenanso kuti elekitironi ili apa, timangoti mdera ili ndi momwe ingapezeke kwambiri, ngati kamtambo. James Chadwick anapeza nyutironi, kanthu kopanda chaji ka mu nyukiliyasi, mu 1932. Chondisangalatsa ine, Thomson analandira Nobel mu 1906 pa ntchito yoonetsa elekitironi ngati kambulu, mwana wake George nkudzalandira mu 1937 poonetsa kuti imayenda ngati funde. Kunyumba kwawo macheza ake kaya ankatha bwanji.

Za kuiona ndi maso, diso lokha silingathe, ngakhale maikulosikopu ya kusukulu kwanu, chifukwa atomu ndi yaing'ono kuposa funde la kuwala. Anthu anayamba aona mapazi ake. Robert Brown mu 1827 anaona tizidutswa tochokera mu mungu tikunjenjemera mosalekeza m'madzi, Einstein mu 1905 anawerengetsa kuti tikugundidwa ndi ma molekyu a madzi, ndipo Jean Perrin atayeza kuyambira 1908 manambala anagwirizana, okayika ambiri anagonja pamenepo. Mu 1981 akatswiri a kampani ya makompyuta ya IBM ku Zurich anapanga makina ofufuza ndi kansonga kakuthwa kwambiri, ngati wakhungu akupapasa ndi chala, ndipo mu 1989 anzawo ena anakankha ma atomu 35 a mpweya wa xenon imodzi imodzi mpaka kulemba zilembo I, B ndi M.

Pa MSCE akakufunsa kakhalidwe ka ma elekitironi a sodiyamu usakawalembere za kamtambo ayi, kalembe 2,8,1 ya Bohr ija ndipo ujambule timizere tozungulira bwinobwino ndi pensulo yosongoka.