Chifukwa chake nyimbo za Castlevania III ya ku Japan zimakoma mwapadera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Zomba. Akuti anamvera pa YouTube nyimbo za gemu yakale ya Castlevania III, poyamba za katiriji (kabokosi kosungamo gemu kolowetsa m'makina) ya ku America kenako za ku Japan, ndipo anadabwa. Nyimbo zake n'zomwezo, koma za ku Japan n'zodzaza, besi yake ikuchita kugunda pamtima. Funso lawo n'lakuti, kodi wina wazikonzanso masiku ano kapena zinkamveka choncho kuyambira kale?

Achimwene, palibe amene wazigwira. Mmene mwazimveramo ndi mmene ana a ku Japan ankazimvera mu 1989. Nkhani yonse yagona m'katiriji.

Famicom, makina a magemu amene Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1983, inali ndi chip (kachipangizo kakang'ono ka m'kati mwa makina) ya Ricoh 2A03 yotha kutulutsa mawu asanu okha nthawi imodzi. Awiri ndi aja akuthwa otsogolera nyimbo, otchedwa pulse. Achitatu ndi triangle, a besi, omwe sakwezeka kapena kutsitsika: amangolira kapena kukhala chete. Achinayi ndi phokoso lopangira ng'oma ndi kuphulika kwa zinthu, ndipo omaliza amaseweretsa timawu tojambula. Ili ngati kwaya ya anthu asanu, ndipo chikwapu chikati thwaa m'gemumo, mmodzi amayamba wasiya kuimba kuti alize chikwapucho.

Koma Famicom inali ndi kakhomo kobisika. Mawu ake asanafike pa TV, ankayamba adutsa m'katiriji, kudzera m'mapini awiri mwa 60 olumikiza katiriji ndi makina. Wopanga gemu akafuna, ankatha kuikamo chip yakeyake n'kuwonjezera oimba panjira.

Kuti Konami, kampani yopanga Castlevania, inalowera pakhomo limeneli sizindidabwitsa. Kagemasa Kozuki anayambitsa bizinesiyi ku Osaka mu 1969, ndipo ntchito yake inali yobwereketsa ndi kukonza ma jukebox, makina oponyamo ndalama kuti akuyimbireni mbale. Magemu anabwera pambuyo: Scramble ndi Frogger mu 1981, Gradius mu 1985. Gulu lawo lopeka nyimbo linkadzitcha Konami Kukeiha Club, ndipo kukeiha m'Chijapani ndi dzina la mawu akuthwa omwe aja. Anthu odzitcha dzina la kulira kwa makina, mungayembekeze kuti akhutire ndi oimba asanu? Pofika 1987 anali ataika kale chip yawo ya SCC, ya mawu asanu owonjezera, m'makatiriji a kompyuta za MSX.

Chip ya Castlevania III, gemu yomwe kwawoko imatchedwa Akumajō Densetsu, ndi VRC6. Ntchito yake yoyamba inali yothandiza makina kuwerenga gemu yaikulu chigawochigawo, koma anaipatsanso mawu atatu: ma pulse awiri ndi sawtooth imodzi. Mmodzi mwa opeka nyimbo za gemuyi, Hidenori Maezawa, anathandiza nawo poikonza. Ma pulse akewa ali ndi makhalidwe asanu ndi atatu a kalilidwe pomwe a Nintendo ali ndi anayi. Koma chimene chinakugundani pamtima ndi sawtooth. Imeneyi imalira mokhakhala ngati lipenga, ndipo mosiyana ndi triangle, wopeka amatha kuikweza ndi kuitsitsa. Kwaya ya anthu asanu inasanduka ya asanu ndi atatu, ndiye panapezeka ena obwereza nyimbo chapansipansi pambuyo pa wotsogolera, n'chifukwa chake mumamva ngati akuimbira m'tchalitchi chachikulu. Magemu amene anagwiritsa ntchito chip imeneyi ndi atatu okha: iyiyi, Madara ndi Esper Dream 2.

Nanga ku America kunatani? NES, yomwe ndi Famicom ya kumeneko, ili ndi mapini 72, ochuluka ndithu, koma mawu sadutsa m'katiriji. Komanso kumeneko Nintendo inkapanga yokha makatiriji a makampani ena ndi ma chip ake, moti Castlevania III ya 1990 inatuluka ndi chip ya Nintendo ya MMC5. Zinatengera a Konami kukonzanso nyimbo zonse kuti zikwane pa mawu asanu aja. Ine sindiinyoza ya ku America ayi. Kuchotsa oimba atatu nyimbo n'kukhalabe yovinika ndi luso lalikulu, ndipo pali malo ena pomwe kuuma kwakeko kumayenerana ndi nyumba ya Dracula, mdani wamkulu wa m'gemumo. Komabe mukandipatsa mahedifoni n'kuti ndisankhe, ndiloza ya ku Japan.

Konami sinalekere pomwepo. Mu 1991, Super Famicom, makina olowa m'malo mwa Famicom, itatuluka kale, inatulutsa Lagrange Point pa Famicom yakale ija ndi chip ya VRC7, ya mawu asanu ndi amodzi a mtundu wa FM, wachibale wa chip ya YM2413 ya Yamaha. Kenako kunabwera Beatmania mu 1997 ndi Dance Dance Revolution mu 1998, pomwe nyimbo inasanduka gemu yeniyeniyo.

Ngati mukufuna kusewera Castlevania III ya ku Japan pa kompyuta, funani dzina la Chijapanilo, ndipo onetsetsani kuti emulator yanu (pulogalamu yotsanzira makina a Famicom) imazindikira mawu a VRC6. Ikapanda kutero mudzangomva ng'oma ndi timawu tapatalipatali, chifukwa mbali yaikulu ya nyimbozo inapatsidwa kwa oimba atatu a m'katiriji aja.